Kuwerenga Masamba a Mtengo wa m'Chitini

Ananu, mtengo umene umera wokha m'thengo uli ngati munthu waufulu. Ukamva ludzu utumiza mizu yache pansi kukafuna madzi. Ukasowa dzuwa utalika kufikira utapitirira anzache. Koma mtengo umene tauika m'chitini, kapena m'chubu cha pulasitiki, kapena mumphika wosweka, ndi kuukhazika pakhonde kapena pazenera la sukulu, uli m'manja mwathu monga khanda. Sungathe kusamuka, ndipo mizu yache siingathe kupitirira chitini chache. Chimene tiupatsa ndicho udya, chimene tiumana ndicho usowa. Ukadwala ulibe pakamwa ponenera. Koma uli ndi masamba, ndipo masambawo ndiwo kalata imene ulembera mwini wache. Phunziro lathu la lero ndilo kuwerenga kalatayo.

Musachiyese chaching'ono chinthu ichi. Kuno ku Ndunde, ndi m'dziko lonse la Chiradzulu, anthu achuluka ndipo minda yachepa. Mapiri amene makolo anu anawadziwa ali akuda ndi nkhalango ayera m'malo ambiri, ndipo amai ayenda mtunda wautali kufuna nkhuni. M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, pamene namondwe wotchedwa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri a boma lathu lino ndi kukwirira nyumba ndi anthu omwe. Mitengo yokha siikadaletsa tsoka lonse lija, pakuti mvulayo inaposa muyeso. Koma phiri lobvala mitengo ligwira dothi lache koposa phiri lamaliseche. Mitengo imene idzabveka mapiriwo, pamodzi ndi mandimu, mapeyala ndi mango amene mudzadya mutakula, iyamba moyo wache m'zitini zimene muzithirira inu. Nyengo yobzala mitengo m'Malawi itsegulidwa pa 15 Disembala ndi kutsekedwa pa 15 Epulo. Mbande ya chipatso ikafa m'Okutobala, palibenso nthawi yakulera ina. Chaka chathunthu chapita.

Ndipo mtengo umodzi wa mumphika ukhoza kukhala ndi mbiri yaikuru. M'chaka cha 1878 munthu wina wosamala minda, dzina lache Jonathan Duncan, anadza ku Mishoni ya Blantyre ndi timitengo titatu ta khofi tochokera ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, kumene khofi sakhala panja chifukwa cha chisanu, koma asungidwa m'nyumba za galasi. Tiwiri tinafa, kamodzi kanapulumuka nikabala, ndipo mbeu zache zinafalikira m'mapiri ano, kufikira m'zaka za m'ma 1890 khofi anali malonda akuru a dziko lino. Taganizani ndi maso otani anthu aja anayang'anira masamba a kamtengo kotsalako!

Tisanafune nthenda, tidziwe nchito ya tsamba. Tsamba ndilo pophikira pa mtengo, ndipo moto wache ndi dzuwa. Mizu ikweza madzi ndi michere ya m'nthaka. Tsamba likoka mpweya. Ndipo ubiriwiri umene uli m'tsambamo ugwira kuunika kwa dzuwa, nusandutsa madzi ndi mpweyawo zikhale chakudya chotsekemera chimene chikuza thunthu, mizu ndi zipatso. Dokotala wina wa ku Holland, Jan Ingenhousz, ndiye anaonetsa m'chaka cha 1779 kuti masamba akonza mpweya pokhapo pali kuunika, osati mumdima ai. Kunsi kwa tsamba kuli timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo m'menemo mpweya ulowa ndi madzi aturuka ngati nthunzi. Mukafuna umboni, bvekani nthambi ya masamba thumba la pulasitiki loonekera, mulimange pakamwa m'mamawa. Pofika masana mudzapeza madontho a madzi m'kati mwache. Chotero tsamba lidalira muzu, lidalira dzuwa, lidalira mpweya. Chimodzi cha izi chikalakwika, tsamba ndilo liyamba kuonetsa, ngakhale bvuto lenileni liri kwina.

Apa ndipo anthu ambiri alakwa. Aona tsamba lachikasu, nathamangira mankhwala opopera, monga munthu wopaka mafuta pamphumi pamene chimbvuta ndi njala. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Khalani pansi pafupi ndi mtengowo, mudzifunse: Kodi masamba odwala ndi ati, akale a m'munsi kapena anthete a kunsonga? Kodi kunsi kwa tsamba kuli chiani? Kodi dothi liri lotani ndikalowetsa chala? Kodi chasintha nchiani masiku ano: tausuntha, tauthira kanthu, kapena nyengo yatembenuka? Amene ayankha mafunso awa wachita kale theka la nchito ya sing'anga.

Dziwaninso kuti si tsamba lonse losintha maonekedwe liri lodwala ai. Masamba anthete a mango aturuka ofiira ndi olendewera ngati nsaru yonyowa, ndipo pakapita masabata owerengeka aumba nabiriwira. Mlambe uyoyola masamba ache m'chirimwe, ndipo msangu uchita zosiyana ndi anzache, uyoyola m'dzinja mvula iri mkati. Ngakhale mtengo wosayoyola utaya tsamba lakale limodzi limodzi, monga inu mutaya mano a ubwana. Mtengo wosunthidwa kumene kuchoka panja kulowa m'nyumba ugwetsanso masamba pang'ono pozolowera malo. Izi zonse sizifuna mankhwala.

Tsono tinene za madzi, pakuti apa ndipo pafera mitengo yambiri ya m'zitini. Ndipo mwa kuona kwanga, imene imizidwa ndi eni ache ichuluka koposa imene ifa ndi ludzu. Mizu ipuma monga inu mupuma. Pakati pa timibulu ta dothi pali timipata ta mpweya, ndipo madzi akadzaza timipatato tsiku ndi tsiku osaphwa, mizu ibanika nibvunda. Muzu wobvunda sungathe kumwa. Chotero masamba afota, ngakhale mtengo waima m'thope. Mwana wachifundo aona kufotako, nati, Ha, mtengo wanga uli ndi ludzu! Nathiranso madzi, naupha ndi chifundo chache. Pasukulu chinthu ichi chichitika kawiri kawiri, pakuti ana khumi adutsa pakhonde, ndipo yense athirako chikho chache. Nkwabwino kuti mtengo uli wonse ukhale ndi mwini mmodzi pa sabata.

Mudzasiyanitsa bwanji kumira ndi ludzu, popeza zonse ziwiri zifotetsa? Lowetsani chala m'dothi kufikira mfundo yachiwiri. Nyamulaninso chitini: chonyowa chilemera, chouma chipepuka. Mtengo womira masamba ache afota ali ofewa, achita chikasu kuyambira m'munsi, nagwa mukangowakhudza. Kawiri kawiri pamwamba pa dothi pamera ndere, ndipo timanchenche tating'ono tiulukapo. Pendeketsani chitini, muturutse mtengo ndi dothi lache lomwe, muone mizu. Mizu yamoyo ndi yoyera kapena yotuwa, yolimba, ya pfungo la nthaka. Mizu yobvunda ndi yakuda, yofewa, khungu lache lisupuka pokoka, ndipo inunkha ngati thope la kudambo. Dulani yobvundayo ndi mpeni woyera. Boolani pansi pa chitini ndi msomali mabowo anai kapena asanu, muike phale lopindika pamwamba pa mabowowo kuti dothi lisatseke, ndipo mudzaze dothi latsopano: magawo awiri a dothi lakuda la pansi pa mitengo, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje, ndi limodzi la manyowa oola bwino. Popeza mizu yachepa, chotsaninso masamba ena, kuti mizu yotsala isasenze katundu woiposa. Khazikani chitini pa timiyala kuti madzi adzituruka, muchiike pamthunzi, ndipo musathirenso kufikira pamwamba pauma. Mwa mitengo yathu yonse, mpeyala ndiwo udana ndi madzi oima koposa; masiku owerengeka m'thope aukwanira kuupha.

Mtengo waludzu uoneka mwina. Masamba ache apindika, m'mphepete mwache muuma ndi kuphwanyika m'manja, ndipo dothi lichita kukhwinyata ndi kulekana ndi chitini. Mukathira madzi pamwamba, angotsetsereka mumpatamo naturuka pansi, pakati pali pouma gwa. Potero imikani chitini m'beseni la madzi kufikira thobvu lileka kuturuka, ndipo muchichotse chikhe. Koma musanyengedwe ndi dzuwa la Okutobala: pamenepo ngakhale mtengo wokhuta ugwetsa mapewa masana, nudzukanso madzulo. Ngati udzuka madzulo, ulibe kanthu. Chimene muyenera kuopa m'mwezi umenewo ndi chitini chachitsulo kapena chubu chakuda choima padzuwa, pakuti chitentha ndi kuwaula mizu ya m'mbali. Chikulungeni ndi udzu kapena chiguduli. Ndipo m'Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chiphimba mapiri ndi nkhungu, mtengo umwa pang'ono. Amene athira m'Julayi monga anathira m'Okutobala adzaumiza.

Dothi likakhala losanyowetsa ndi losaumitsa, koma masamba achitabe chikasu, ganizani za njala. Dothi la m'chitini ndi lochepa, ndipo madzi ali onse amene tithira akokolola pang'ono za chakudya chache. Taonani chinthu chokoma apa. Pali chakudya china cha m'nthaka chimene ophunzira achitcha naitrojeni, chomwe chija chimanga chichisowa chikayezuka m'munda. Mtengo ukachisowa, uchichotsa m'masamba akale nuchitumiza kwa anthete, monga mai adzimana m'chaka cha njala kuti mwana adye. Chifukwa chache masamba a m'munsi ndiwo ayamba kuchita chikasu, tsamba lonse ndi mitsempha yomwe, pamene a kunsonga akali obiriwira. Mankhwala ache ndi manyowa oola a m'khola, dzanja limodzi, owazidwa pamwamba osakhudza tsinde. Kapena bviikani zitosi za nkhuku m'ndowa ya madzi masabata awiri, musungunule madziwo kufikira aoneka ngati tiyi wosalowerera, ndipo muthire kamodzi pa masabata awiri, dothi liri lonyowa kale.

Koma mukaona kuti anthete a kunsonga ndiwo achita chikasu, mitsempha yokha itatsala yobiriwira ngati ukonde, njala yache ndi yina. Mtengowo usowa chitsulo. Inde, m'nthaka muli chitsulo chosungunuka chimene mtengo uchifuna pang'ono pokha popanga ubiriwiri wache. Chimenechi mtengo sungathe kuchichotsa m'masamba akale, chotero ana ndiwo asauka. Kawiri kawiri chitsulocho chirimo m'dothi, koma chamangika, chifukwa dothi lanyowa kosaleka, kapena chifukwa wina wathira phulusa lambiri kapena laimu poopa chiswe. Kukwirira msomali wadzimbiri m'chitini, monga ena achita, sikuthandiza kweni kweni. Sinthani dothi, muike la masamba oola, ndipo muthirire ndi madzi a mvula ngati alipo.

Za feteleza wa m'sitolo ndikuchenjezani. Ali ngati mchere m'ndiwo: pang'ono akometsa, wambiri aononga mphika wonse. Chimene chikwanira phando la chimanga m'munda chikhoza kupha mbande m'chitini. Chizindikiro chache ndi nsonga ndi m'mphepete mwa masamba mopserera ngati mwalambulidwa ndi moto, ndi zoyera zouma pamwamba pa dothi. Madzi otsukira mbale, okhala ndi mchere ndi sopo, achita zomwezo. Palani zoyerazo, muthire madzi abwino ambiri kuti adutse ndi kuturuka pansi katatu kapena kanai. Ndipo ngati mtengo waleka kukula, masamba ache ndi ang'ono, ndi madzi aphwa tsiku lomwelo, onani pansi: mudzapeza mizu itazungulira chitini ngati nkhata. Nyumba yachepa. Masulani nkhatayo ndi zala, mudule mizu yopotana, muuokere m'chotengera chachikuru kapena m'munda, ikakhala nyengo yache.

Za kuunika ndinena mwachidule. M'chipinda mumene inu muwerenga bwino lomwe, kwa mtengo muli ngati madzulo. Mtengo wosowa dzuwa utalika woonda, mfundo zache zitalikirana, masamba ache atumbuluka, ndipo upendekera kuzenera. Utembenuzeni pang'ono sabata iri yonse, muuike pazenera loona kum'mawa. Koma kunena zoona, mndimu, mango ndi mpeyala si mitengo ya m'nyumba. M'nyumba ndi pakhonde ndi pongoilerera, poibisa kwa mbuzi ndi nkhuku. Tsiku loiturutsa musaiponye padzuwa la masana mwadzidzidzi, pakuti masamba okulira mumthunzi apsa, nachita zigamba zoyera kapena zofiirira mbali yoona kudzuwa. Yambani pansi pa mtengo waukuru, kenaka dzuwa la m'mawa lokha, ndi kuonjeza pang'ono pang'ono masabata awiri. Pfumbi la mseu, pfumbi la choko ndi utsi wa kukhitchini ziphimbanso masamba ndi kuwachititsa mdima. Apukuteni ndi kansaru konyowa pamwamba ndi kunsi komwe.

Mutatha kufunsa madzi, chakudya ndi dzuwa, pamenepo funani tizirombo. Tiripo ta mitundu iwiri, totafuna ndi toyamwa. Totafuna sitibvuta kudziwa, pakuti tisiya mabowo ndi m'mphepete modyeka: ziwala, nkhono ndi mbozi. Pa mndimu ndi mlalanje pali mbozi yina yochenjera. Ikali yaing'ono ioneka ngati chitosi cha mbalame, chakuda ndi choyera, kuti mbalame zomwezo ziinyoze; itakula ibiriwira ngati tsamba, ndipo mukaikhudza ituruka ndi tinyanga tiwiri pamutu tonunkha. Kholo lache ndi gulugufe wamkuru wakuda wa mawanga achikasu amene mumuona akuzungulira mandimu. Mbozi ziwiri zikhoza kumeta mbande yonse pa masiku ochepa, koma mankhwala ache ndi zala zanu ziwiri m'mawa uli wonse. Palinso kambozi kena kakang'ono kokhala m'kati mwa tsamba lanthete la mndimu, kamene kasiya kanjira kokhotakhota konyezimira, ngati mwana wophunzira kulemba wadutsapo ndi cholembera. Thyolani masamba otero muwatenthe. Mtengo wokula suchita nako mantha.

Toyamwa ndito toopsa, chifukwa tibisala kunsi kwa tsamba ndi kumwa madzi a mtengo mwakachetechete. Nsabwe za m'masamba, zobiriwira kapena zakuda, ziunjikana kunsonga, ndipo masamba anthete apindika ndi kukwinyika. Kodikodi aoneka ngati thonje lomatika m'mphanda za nthambi. Tina tiri ngati timamba ta nsomba tomatirira pa tsamba ndi pa khungwa, tosayenda konse, kotero kuti mungayese ndi khungwa lomwe. Tipaleni ndi chikhadabo, ndipo tikachoka mudziwe kuti ndi tamoyo. Ndipo m'nyengo yotentha ndi youma kudza kangaude wofiira, wochepa koposa njere ya mchenga. Tsamba lichita timadontho totumbuluka, kunsi kuli ulusi wosalala. Gwedezani nthambi pamwamba pa pepala loyera, mudzaona timadontho tikuyenda.

Pali mboni ziwiri zimene ziulula akuba awa. Yoyamba ndi nyerere. Nsabwe, kodikodi ndi timamba tija titurutsa madzi otsekemera onga uchi, ndipo nyerere zikonda uchiwo, kotero kuti ziweta tizirombo timeneti monga inu muweta mbuzi, ndi kupitikitsa adani ao. Mukaona mzere wa nyerere ukukwera mtengo, utsateni, udzakufikitsani kukhola. Mboni yachiwiri ndi mwaye. Uchi uja ukagwera pamasamba a m'munsi, pamera chuku chakuda chonga mwaye wa kudenga la khitchini. Mwayewo sudya tsamba ai, ungolitchinga dzuwa, ndipo ukapukutidwa uchoka. Koma udzabweranso mukapanda kuchotsa tizirombo tiri pamwamba pache.

Poyamba patulani mtengo wogwidwawo kwa anzache. Pamene tizirombo tiri tochepa, tifinyeni ndi zala kapena mutitsuke ndi madzi. Tikachuluka, palani sopo wamba wochapira, wa mtanda, supuni yaing'ono imodzi, mumsungunule mu lita imodzi ya madzi, ndipo musambitse masamba, makamaka kunsi, pakuti madzi a sopo apha tokhato timene awakhudza. Sopo waufa musamgwiritse nchito, apsereza masamba. Yesani pa masamba awiri kapena atatu poyamba, muone mawa lache. Chitani ichi madzulo, osati padzuwa, mutsuke ndi madzi abwino m'mawa, ndipo mubwereze pakapita sabata, kawiri kapena katatu, chifukwa mazira sakufa ndi sopo. Masamba a nimu osinjidwa ndi kubviikidwa usiku wonse athandizanso, kumene mtengowo upezeka. Nyerere muzitsekere njira poimika chitini pamwala pakati pa beseni la madzi, ndi kutaya madziwo kawiri pa sabata kuti udzudzu usaswanemo. Mankhwala a m'botolo a kusitolo si a ana ai, ndipo si a m'chipinda chogona kapena chophunzirira anthu. Madzi a fodya amene ena abviika ndiwo ululu womwe, musawakhudze.

Musaphe chiri chonse choyenda pa tsamba. Kachirombo kaja kozungulira, kofiira ndi mawanga akuda, ndi bwenzi lanu, kadya nsabwe zambiri pa tsiku. Alipo mabvu ang'ono ngati nsonga ya singano amene aikira mazira m'thupi la nsabwe ndi kodikodi. Kodikodi wa chinangwa anachokera ku South America, naoneka mu Afrika m'chaka cha 1973 ku Congo, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anaononga chinangwa cha anthu a kunyanja, ku Nkhata Bay. Sanagonje ndi mankhwala opopera, koma ndi kabvu kakang'ono kamene akatswiri anakatenga kwao komweko ku South America nakamasula m'minda. Ndipo kuti mudziwe mphamvu ya nsabwe, yang'anani phiri la Mulanje limene muliona tsiku lopanda nkhungu. M'chaka cha 1986 inapezeka m'Malawi, koyamba mu Afrika yense, nsabwe yachilendo yoyamwa mitengo ya mtundu wa mkungudza. Nthambi zinafiira ngati zawauka, ndipo mitengo yambiri inauma, kuno ndi m'maiko a kumpoto kwathu. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa pfuko lathu, umene nkhwangwa ndi moto zinali zitauchepetsa kale, unalandira nao bala lina.

Zitsala nthenda zeni zeni. Zambiri zidza ndi mbeu zosaoneka za mtundu wa chuku, zouluka ndi mphepo kapena zothamanga ndi madontho a madzi. China chioneka ngati ufa wowazidwa pa masamba anthete ndi maluwa a mango m'nyengo yozizira. China chichita mawanga akuda amene akula ndi kulumikizana m'nyengo ya mvula. China chidya tsinde la mbande yongomera kumene pamene likhudzana ndi dothi, kotero kuti madzulo yaima, m'mawa yagona. Ndipo pa khofi pali dzimbiri, ufa wofiirira kunsi kwa tsamba, limene linaoneka ku Ceylon, dziko lotchedwa Sri Lanka tsopano, m'chaka cha 1869. Linayoyola minda ya khofi ya chisumbu chonsecho kufikira alimi anaisiya nabzala tiyi. Zambiri za izi zikonda tsamba lonyowa ndi malo opanda mphepo. Chotero thirirani patsinde, osati pamutu, ndiponso m'mawa, kuti chimene chanyowa chiume usanade. Talikitsani zitini kuti masamba asakhudzane. Thyolani masamba odwala, mutole ndi ogwa omwe, muwatenthe kapena kuwakwirira kutali, ndipo mpeni umene mwadulira mtengo wodwala muutsuke musanakhudze wina.

Nthenda imodzi ndiyenera kuitchula payokha, chifukwa ikonda maiko ozizira a kumapiri onga athu ano, ndipo inyenga. Mwaonapo masamba a mandimu okhala ndi timatuza pamwamba, kunsi kuli timaenje? M'kaenje kali konse munakhala mwana wa kachirombo kena kodumpha. Timatuzato pa tokha sitipha mtengo, koma kachiromboko kakhoza kunyamula nthenda kuchokera ku mtengo wodwala, monga udzudzu unyamula malungo. Mtengo wogwidwa uchita chikasu nthambi imodzi poyamba, zipatso zache zikhala zazing'ono, zopotoka, zowawa, ndi zobiriwira mbali yina ngakhale zitapsa. Ambiri ayesa njala, nataya manyowa chabe. Yesani chotere: pindani tsamba pamsana pache, mbali ziwiri zikumane. Ikakhala njala, chikasu cha mbali yino chifanana ndi cha mbali inayo, monga mapiko a gulugufe. Ikakhala nthendayi, mawanga a mbali yino salingana ndi a mbali inayo. Ilibe mankhwala. Itanani mlangizi wa zaulimi aone, ndipo akatsimikiza, mtengowo uzulidwe ndi kutenthedwa, ngakhale mtima uwawa, kuti anzache apulumuke. Nthambi yache asatengeko munthu kukalumikiza pa mbande yina. Alangizi ali ndi kofunsa iwonso: za mitengo ya zipatso ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, ndi za mitengo ya m'nkhalango ku Zomba.

Pochiza, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha dothi, ndi kuthira manyowa, ndi kupopera sopo, ndi kusuntha mtengo tsiku limodzi, mudzautopetsa, ndipo ukachira simudzadziwa chimene chauchiza. Lembani m'buku lanu tsiku, chimene munaona ndi chimene munachita, ndipo mujambule tsambalo. Musayembekeze kuti tsamba lopsa kapena lobooka lidzabwerera. Yang'anani mphukira zatsopano, pakuti ndizo zidzanena, patapita masabata atatu kapena anai, ngati mwalasa. Mtengo ukayoyola masamba onse musafulumire kuutaya. Kandani khungwa pang'ono ndi chikhadabo pafupi ndi tsinde. Mukapeza pobiriwira ndi ponyowa, ukali moyo; dulani nthambi zouma, muuike pamthunzi, muthirire pang'ono pokha, pakuti mtengo wopanda masamba sumwa. Mukapeza pouma ndi pofiirira kufikira pansi, khuthulani dothilo kutali ndi nazale, mutsuke chitini ndi madzi otentha, ndipo muchiyanike padzuwa masiku awiri musanaikemo mbeu yina.